Magudumu a Mpando wa Bonifácio

Chimene Silvestre anayamba kuona m'mawa umenewo chinali mizere iwiri. Inayambira pansi pa tebulo la mlembi, n'kudutsa pakati pa ofesi mokhota pang'ono, mpaka pa zenera loyang'ana msewu wa ku Muloza. Mpando wa mlembi unali pomwepo, utayang'ana kunja. Chikhalirecho dzulo lake madzulo iye anali atausiya pa tebulo.

Silvestre anali wosesa ndi wopukuta mu ofesi ya kampani ina ya tiyi, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Madzulo alionse ankapaka sera pansi, n'kuponda chigoba cha kokonati ndi phazi limodzi, n'kumapukuta chobwerera m'mbuyo, kuyambira ku khoma la kutali mpaka pakhomo, kuti asasiye phazi lake. Sera yatsopano siibisa kanthu. Ngakhale khoswe akadutsa, m'mawa umaona pamene anaima n'kununkhiza. Akafika pakhomo, mzungu woyang'anira ofesiyo, amene aliyense ankangomutcha Patarau, ankakhoma yekha n'kuika kiyi m'thumba. M'mawa ankatumiza kiyiyo ndi wophika wake.

Silvestre anagwada pakhomo, n'kupendeketsa mutu kuti aone pansi molunjika ndi kuwala. Panalibe phazi la munthu, la nsapato kapena lopanda nsapato. Panali mizere yokha, ya timagudumu tachitsulo ta mpandowo.

Pansi pamenepo ndi pamene panali mtima wa Patarau. M'chilimwe anali atagumulitsa simenti yofiira yakale, n'kuyalitsa timatabwa ta mlombwa tolumikizana ngati mphasa yolukidwa, ndipo alendo ankawaonetsa pansipo asanawapatse n'komwe pokhala. Mizere ya tsiku loyambalo inali yosazama. Silvestre anaithira sera yambiri, n'kupukuta mpaka mwendo kuchita dzanzi, ndipo Patarau sanaone kanthu.

Madzulo ake Silvestre anayala chiguduli pansi pa mpandowo. M'mawa anapeza chigudulicho chitakwinyika pansi pa tebulo, mpando uli pa zenera, mizere ina iwiri ili pambali pa ya dzulo.

Kunyumba anauza mkazi wake Constância, amene anali kuyamwitsa mwana wawo Rosália pafupi ndi mbaula. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo chifuwa chake chinkalira ngati kamwana ka mphaka.

"Mpando uti?" anafunsa Constância, osadzutsa mutu.

"Wozungulira uja. Unali m'nyumba yosungira katundu, aubweza atatha kuyala matabwa."

"Wa a Bonifácio."

"Wa kampani."

"Bambo a Rosália, inu mumangomva za tsache basi. Kuchitsime anthu akukamba. Mlonda wanu uja wasuntha moto wake, akukagona ku geti la kumunsi. Simunadabwe?"

Silvestre anamupeza Bonifácio atatsala miyezi yochepa pa ntchito. Anali mlembi wachikuda yekhayo mu ofesimo, munthu wonenepa, wofatsa, wokonda kutafuna mtedza. Dzuwa likapendeka ankadzikankha ndi mpando wake mpaka pa zenera, kukaona ana ake akuchokera ku sukulu ya mishoni, n'kuwagwedezera dzanja. Zinali zaka zimene anthu ambiri ankawoloka malire usiku kupita ku Malawi, ndipo wina anamunenera kuti amawalembera mapepala. Tsiku lina kunabwera anthu ndi galimoto yotseka kumbuyo, n'kumutenga ali pa mpando womwewo. Sanabwerenso. Ena ankati ali kundende ku gombe, ena ankati anafera m'njira. Mkazi wake anatenga ana n'kuwoloka.

"Akuti amabwera kudzaona ana," Constância anatsitsa mawu. "Sakudziwa kuti anachoka."

"Akuti, akuti. Ine ndikaone ndekha."

Usiku umenewo kunkawaza kamvula kozizira kochokera m'phiri. Silvestre anafunda chiguduli, n'kukakhala panja pansi pa zenera lija, msana atatsamira khoma. Mdima unali woti dzanja lako sungalione. Kutali kunkamveka madzi akutsika m'makwalala a m'minda ya tiyi, achule, ndi dontho limodzi louma mtima limene linkagwa kuchokera pa malata n'kumenya chitini. Anadikira mpaka miyendo inazizira. Anayamba kudziseka, n'kumaganiza zobwerera.

Kenako achule aja analeka, onse pamodzi.

M'kati munamveka kulira kwa chikopa, monga mmene mpando umachitira munthu wolemera akaukhalira. Panapita kanthawi. Ndiye panayamba phokoso lina, lotsika, la chitsulo chikudya thabwa, *gwiii*, n'kuima, *gwiii*, n'kuima, ngati munthu amene akudzikankha ndi zidendene, wosafulumira. Linkayandikira. Silvestre analimva m'khoma, m'mafupa a msana wake. Pomaliza chinthu chinagunda khomalo pang'onopang'ono, kuseri kwenikweni kwa mutu wake.

Anadzuka. Anakhwatcha machesi, n'kutchinga ndi dzanja. M'kati sanaone kanthu kupatula msana wa mpando wopanda munthu. Koma pa galasi, cha m'kati, pa msinkhu wa munthu wokhala pansi, panali kachifunga kozungulira. Kankakula, n'kuchepa. Kankakula, n'kuchepa. Machesi anamuotcha chala n'kuzima.

Sanathamange. Anayenda mpaka kunyumba akunena Tikuoneni Maria, ndipo pofika pakhomo mantha aja anali atasanduka mkwiyo. Kaya ndi ndani, ankamuonongera ntchito.

Madzulo otsatira anatenga chingwe cha khonje, n'kumanga mwendo wa mpando ku mwendo wa tebulo, mfundo pamwamba pa mfundo. Uku ndiye kunali kulakwitsa. M'mawa anapeza chingwe chitakokeka mpaka kuwonda, tebulo lolemeralo litasuntha, ndipo pansi panali mabala ozama okhota ngati chikwakwa, pamene mpandowo unkapita uku ndi uku usiku wonse monga mbuzi yomangidwa. Timatabwa tina tinali titakumbika mpaka kuonekera moyera m'kati. Apa sera sikanathandiza.

Patarau anaima pakhomo akuyang'ana mabalawo, khosi litafiira. Atayamba kulankhula, ankasakaniza Chipwitikizi ndi Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Iwe, Silvestre. M'mawa umakhala wekha muno. Umakwera mpando uwu ngati njinga?"

"Ayi, Patarau. Umayenda usiku."

"Umayenda." Patarau anaseka mopanda chimwemwe. "Ndipo kiyi amagona m'thumba langa. Tamvera. Loweruka eni kampani akubwera kuchokera ku Quelimane, ndi mlembi watsopano. Mmisiri Cipriano akonze apa. Ndikadzapezanso mzere, ngakhale umodzi, utenge mkazi wako, mutuluke m'nyumba ya kampani."

"Bwanji mpandowu tiuchotse, Patarau?"

"Mlembi akhale pansi? Mpando ndi wa kampani, ukhala mu ofesi ya kampani."

"Ndiye ndiloleni ndisinthe magudumu ake."

"Sintha ngakhale mutu wako. Lachisanu madzulo mpando ukhale pa tebulo."

Nyumba ya kampani inali ya malata, yosadontha, ndipo kachipatala kanali pafupi, koti Constância ankathamangirako mwana akabanika. Kwawo kwa Silvestre kunali ku Molumbo, ulendo wautali wa m'matope nyengo ya mvula ngati imeneyo. Iye ankadziwa kuti Rosália sangafike.

Ananyamula mpandowo pamutu kupita nawo kwa Cipriano, mmisiri wa kampani, nkhalamba yamimba yaikulu imene inkakonza chilichonse, zitseko, njinga, ngolo.

"Uwu usagone m'shedi mwanga," anatero Cipriano atangouona.

"Ugona, akulu. Kulibe kwina."

"Mphwanga, chophweka n'chiyani? Madzulo uziugoneka chagada pamwamba pa tebulo."

"Munaona zimene unachita ndi chingwe. Ukadzigwetsa kuchokera pa tebulo, uswa matabwa angati?"

"Ndiye itana abambo mfumu adzawaze madzi odalitsa."

"Mu ofesi ya Patarau? Ndingachotsedwe tsiku lomwelo." Silvestre anakhala pa chitsa, n'kupukuta nkhope. "Ndaganiza usiku wonse. Munthu akufuna kuona ana ake. Ine sindingamuletse, ndipo mwina sindikufunanso kumuletsa. Koma ayende osalemba."

Cipriano analavula. "Tiyale timatabwa totsala tija."

Anayala timatabwato pa chitseko chakale, n'kupaka sera. Cipriano ndiye ankakhala pa mpando, poti thupi lake linali lofanana ndi la Bonifácio, ndipo asanakhale ankayamba wati, "Pepani, a mlembi, ndabwereka." Silvestre ankakankha.

Anayamba ndi magudumu a mtengo wa mbawa, amene Cipriano anasema n'kuwasalaza bwino. Ulendo woyamba anayenda bwino. Ulendo wachiwiri kamchenga kamodzi kanakanirira m'gudumu, n'kulemba mzere wowongoka ngati wa mphunzitsi pa bolodi.

"Cholimba pa cholimba," anatero Silvestre. "Mchenga ulibe kothawira. Tikufunika chofewa."

Anadula tayala lakale la lole, n'kukhomerera zidutswa kuzungulira magudumu aja. Sanakande, koma anasiya mikwingwirima yakuda imene inakana kuchoka ndi sera, ndipo mutu wa msomali umodzi unatulukira n'kuboola thabwa. Anayesa kukulunga ndi chubu cha njinga. Chinavuka mpando utangotembenuka, Cipriano n'kutsala pang'ono kugwa chagada.

"Ukufuna undiphe kuti tizikhalapo awiri?" anatero akudzigwira m'chiuno.

M'mawa mwake Cipriano sankasekanso. Anamuonetsa Silvestre pansi pa shedi, pa dothi. Mizere inachoka pakona pamene anasiya mpando, mpaka pa chitseko, ndipo pa chitsekopo dothi linali litakumbika.

Amene anakumbukira anali Constância. "Kuchipatala cha mishoni kumene ndinachirira kuja, mabedi ake amayenda osamveka. Usiku ankatulutsa munthu pafupi ndi ine, ndinadziwa m'mawa."

"Ankapita naye kuti?"

"Musafunse zimenezo."

Silvestre anapita ku mishoni wapansi, mvula ikumumenya. Kuseri kwa chipatala kunali bedi lothyoka, lochita dzimbiri, koma magudumu ake anali amoyo: a mphira yotuwa, otambalala, ofewa moti chikhadabo chinkalowa n'kubwerera. Sisitere woyang'anira anamufunsa chimene ankafunira. Iye anangoti ndi za mpando umene ukuononga pansi. Sisitereyo anati atenge, bola adzapukute m'tchalitchi Khirisimasi isanafike.

Ku shedi kunabuka vuto lina. Zitsulo zolowa m'miyendo ya mpando zinali zoonda, moti magudumu ankagwedera n'kupendekeka. Gudumu lopendekeka limayendera m'mphepete, ndipo m'mphepetemo munali chitsulo. Cipriano anadula kapaipi ka pampu ya njinga, n'kuveka chitsulo chilichonse mpaka chinalowa mothina. Silvestre anatsuka mphira ndi sopo, anatokosa timiyala tonse ndi minga, n'kuthira mafuta a makina osokera. Kenako anawaza dala mchenga pang'ono pa timatabwa.

"Khalani, akulu."

Anakankha, anatembenuza, anakoka. Anagwada n'kuyang'ana mopendeketsa mutu. Panalibe mzere, panalibe chakuda. Mchenga unkalowa mu mphira m'malo molowa m'thabwa.

"Wamva?" anafunsa Cipriano.

"Chiyani?"

"Ndi chimenecho. Sindinamve kanthu." Nkhalambayo inadzuka msangamsanga, n'kudzisasa kumbuyo.

Lachisanu madzulo pansi panali patakonzedwa, mpando uli pa tebulo. Silvestre anasesa kawiri kuti pasatsale kamchenga, anapaka sera, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Patarau anakhoma.

Usiku Silvestre anabwereranso pansi pa zenera. Mvula inali itakata, mwezi utabisika m'mitambo ya pa Tumbine. Anamva achule. Anamva galu wa Patarau akukoka unyolo, ndi lole ina kutali ikulimbana ndi chitunda cha ku malire. Achule atasiya kulira, anagwira kolona yake n'kutchera khutu mpaka m'makutu munayamba kulira. Chikopa chinalira kamodzi. Kenako panalibe chilichonse. Anadikira kukanda kuja, anadikira kugunda kwa khoma. Kunali zii mpaka tambala woyamba. Machesi anali m'thumba, koma sanawakhwatche.

Wophika atabweretsa kiyi, Silvestre anailowetsa pa loko. Anatsegula. Mpando unali pa zenera. Anagwada, n'kuyang'ana kuchokera uku, n'kukwawira mbali ina, n'kuyang'ananso. Pansi ponse pankanyezimira ngati madzi a m'dziwe. Panali kanjira kosaoneka bwino pa sera, kamene kanafufutika atangopititsapo nsanza kamodzi.

Anabweza mpandowo pamalo pake. Eni kampani anafika dzuwa lili pamutu, anayamikira pansi, mmodzi mpaka anawerama n'kusisita. Mlembi watsopano, mwamuna woonda wa magalasi, anakhala pa mpando n'kunena kuti sanakhalepo pa mpando woyenda mofewa chotero. Patarau podutsa pafupi ndi Silvestre anangoti, "Wapulumuka."

Madzulo alendo atapita, Silvestre anayamba ntchito yake monga mwa masiku onse. Kunja kunkada. Patarau anali pakhonde akusuta, makiyi akulira m'dzanja. Silvestre anayambira ku khoma la kutali, anapukuta mozungulira tebulo, anaona mpando uli m'malo mwake, n'kupitiriza chobwerera m'mbuyo, maso ali pansi, chigoba chikuti *shwe, shwe* pansi pa phazi. Ankaganiza za Rosália, kuti lero amugulira kabulangeti ku kantini.

Atatsala pang'ono kufika pakhomo, msana wake unagunda chinthu chofewa.

Anaima, phazi lili pa chigoba. Anadzutsa maso. Pa tebulo panalibe mpando. Unali kumbuyo kwake, pakati pa iye ndi chitseko, utayang'ana kunja kumene kunali kotsegula. Unali utamudutsa pambali iye osamva.

"Wamaliza?" anafunsa Patarau ali pakhonde.

"Pang'ono, Patarau."

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kugwira msana wa mpandowo ndi manja onse. Chikopa chinali chofunda. Anawerama mpaka pakamwa pake panafika pamene pakanakhala khutu la munthu.

"A Bonifácio," ananong'ona. "Ana anu anawoloka. Ali ku Malawi ndi amayi awo, anthu anawaona. Wanga ali pano, ndipo akudwala. Mukatuluka pakhomo apa, ine ndatha. Zenera ndi ilo. Ndakukonzerani njira."

Anakankha. Mpandowo unali wolemera, kuposa mmene unkalemerera Cipriano atakhalapo. Kwa kanthawi unakana. Silvestre analimbitsa mapazi pa sera yoterera, anaika phewa, mano atalumana, osasiya. Kenako unalola, n'kuyenda mofewa mpaka pa tebulo. Iye anapukutanso mapazi ake onse, limodzilimodzi, chobwerera m'mbuyo, koma ulendo uno maso ake sanachoke pa mpando mpaka chidendene chinagunda chiundo cha chitseko.

Patarau anasuzumira m'kati, anagwedeza mutu mokhutira, n'kukhoma.

Kunyumba Silvestre anapeza Rosália atagona, kupuma kwake kutafewako. Anamunyamula, n'kumugoneka pachifuwa pake. Mvula inayambanso, ikumenya malata a kampani, osalowa.

"Tikhala?" anafunsa Constância.

"Tikhala."

"Nanga mpando?"

"Sukumvekanso."

"Ndiye gonani, bambo a Rosália. Mwatha sabata yonse osagona."

Constância anazimitsa nyali. Silvestre anagona chagada, dzanja lili pa kamsana ka mwana, maso ali pa chitseko. Kale, magudumu achitsulo aja akamalira, munthu ankadziwa pamene mpandowo wafika.